Chisote Chimene Sichinauluke

Ndinalumpha. Munthu wa imvi ngati ine, wezulo ili pakamwa, nditavala malaya akuda obwereka amene ankakana kutseka pamimba, ndinalumpha pakati pa bwalo n'kuponya manja onse awiri kumwamba, uku ndikukuwa kuti yangena. Wezulo inagwa m'kamwa n'kumalendewera pa chingwe chake. Ndinathamangako ndithu, kulunjika kumene anyamata a timu yathu ankakumbatirana, ndisanakumbukire kuti tsiku limenelo sindinali wochemerera. Ndinali woyimbira mpira.

Woyimbira mpira sasangalalira chigoli. Zimenezi ndinkazidziwa kuposa wina aliyense m'komboni yathu ya Nangongwe kuno ku Kafue, pakuti wa buku ndinali ine.

Ndiyambe ndi bukulo, chifukwa ndi limene linandilowetsa m'malaya akudawo. Sukulu ndinailekeza ndili wamng'ono bambo atadwala, ndipo zotsala ndinadziphunzitsa ndekha pa chilichonse chokhala ndi zilembo: nyuzi zokulungira nsomba zouma, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, matumba a feteleza, ndi Baibulo limene mayi anabwera nalo kuchokera kwawo ku Malawi. Zaka zambiri ndagwira ntchito pa chigayo. Magetsi akathima, monga amachitira, anzanga amagona pa matumba a chimanga, ine ndimawerenga. Sindisankha. Ndinamalizapo buku lonse la kawetedwe ka njuchi ngakhale ndilibe mng'oma ndi umodzi womwe. Amake ana amati mutu wanga uli ngati kantemba ka pamphambano: katundu ali mbwee, koma chimene wabwerera ndi chimene chatha.

Kabuku ka malamulo a mpira ndinakapeza pansi pa mulu wa mabuku akale ku msika, kopanda chikuto, masamba oyamba atadyedwa ndi chiswe. Kankayambira pakati pa lamulo lachitatu. Mpaka lero sindidziwa kukula kwa bwalo kumene malamulo amafuna, koma za ofusayidi, za mpira wogunda mkono, za nthawi yopereka penate, ndinaziloweza ngati katekisimu. Kuyambira pamenepo palibe woyimbira amene anaupeza mtendere pa bwalo lathu. Anzanga ankatukwana ndi mtima wokha, ine ndinkatukwana ndi chaputala ndi vesi.

Pambali panga nthawi zonse pankakhala aneba. Nyumba zathu zimagawana mpanda umodzi wa nkhadze, ndipo takhala moyandikana kuyambira masiku amene misewu ya Kafue inkadzaza m'mawa ndi anthu a maovolosi opita ku mafakitale. Lamlungu m'mawa timasiyana pa mphambano, iwo kwa ansembe, ine kwa abusa. Masana timakumana pa mpata wa mpandawo n'kunyamula thabwa. Ndi thabwa lalitali la mlombwa, lolemera moti munthu mmodzi sangaliyendetse patali. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo, mpaka pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo, pamene pali mabuloko athu awiri amene aliyense amadziwa kuti sasunthidwa.

Aneba malamulo sawadziwa ndipo safuna kuwadziwa. Lamulo lawo ndi limodzi: timu yathu silakwa. Mnyamata wathu akagwetsa mnzake, ndiye kuti mnzakeyo sanadye kunyumba. Wathu akagwa yekha, pali amene wamukankha, kungoti maso athu ndi ochedwa. Ndikayamba kuwafotokozera za ofusayidi amandimvetsera mwaulemu ngati munthu womvera ulaliki wa mpingo wina, kenako amafunsa ngati chigolicho ndi chathu kapena chawo, kuti adziwe ngati ofusayidiyo ilipo. Ndipo tikagoletsa sakuwa, savina. Amavula chisote chawo cha mlaza n'kuchiponya kumwamba. Basi. Chisote chimenecho chagwerapo m'matope, m'beseni la amayi ogulitsa mtedza, ndi pamutu pa wapolisi. Tsiku lina mphepo ya mu Ogasiti inachiwolotsa njanji, iwo n'kuchitsata, ndipo pobwera anapeza atibwezera chigoli. Pa zaka zonsezo sindinaonepo chigoli chathu chimene chisotecho chinatsala pamutu.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa. Maukonde a m'magolo athu si ogula kusitolo. Ndi maukonde akale ophera nsomba, ndipo anabwera nawo ndi malemu akazi awo a aneba, mwana wa msodzi wa ku Chanyanya. Loweruka lililonse mayi aja ankawayala pa chingwe choyanikira zovala n'kumasoka pong'ambika ndi kasingano ka nsungwi, akuimba chapansipansi nyimbo za Chitonga zimene ine sindinkazimva. Mfundo zawo zinali zing'onozing'ono, zofanana ngati mano a chipeso. Ku bwalo sanapondeko. Ankati sangapse ndi dzuwa chifukwa cha amuna othamangitsana ndi chikopa. Koma Lamlungu madzulo, tikamatsitsa thabwa, ankafunsa ali ku khitchini kuti ukonde wawo wagwira zingati lero.

Atamwalira, aneba anakhala m'nyumba nyengo yonse ya mvula. Khomo lotseka, makatani otseka, udzu kumera mpaka pakhonde. Ana awo ali kutali ndi ntchito. Amake ana ankawapatsira mbale pa mpanda, ndipo nthawi zambiri inkabwerera itangolawidwa. Mawu achitonthozo ndinali nawo ambiri a m'mabuku, koma onse ankaoneka opepuka ndikafika pakhomo lija. Lamlungu lina, mvula itatha, ndinakoka thabwa mpaka pakhonde pawo, n'kuima nditanyamula mbali imodzi, ina ili pansi. Ndinawauza kudzera pa zenera kuti msana wanga sungathe ndekha. Ndinaima choncho mpaka chitseko chinatseguka. Anatuluka, chisote chili kumutu, n'kunyamula mbali yawo.

Kuyambira pamenepo maukonde ankawasamala okha: kuwanyamula pa njinga m'mawa, kuwamangirira, kuwamasula masewero akatha. Koma kusoka ayi. A komiti ya timu atapempha kuti awapereke kwa msodzi wina awakonze, anakana, n'kunena kuti mfundo zija sizidzakhudzidwa ndi dzanja lina. Choncho pa ukonde wa golo la kumbali ya njanji, cham'mbali pafupi ndi mzati, panabadwa kabowo. Poyamba munkangolowa nkhonya. Kenako kanakula. Tonse tinkakaona, ndipo tonse tinkayang'ana kumbali, chifukwa tinkadziwa mwini wa singano amene kabowoko kankamudikira.

Tsiku la kulumpha kwanga kunabwera timu ya asodzi a ku Chanyanya. Anali masewero otsiriza a kaligi kathu ka matimu a m'makomboni ndi m'midzi yozungulira, ndipo mphoto yake, mbuzi yaikulu ya mawanga, inali itamangidwa pa mtengo wa mango womwewo, ikudya makoko a nthochi. Asodziwo kungofanana mphamvu kunali kokwanira kuti aitenge. Ife tinkayenera kupambana. Anabwera pa njinga zambirimbiri, ndi ng'oma ziwiri, fungo la utsi wowambira nsomba lili m'malaya.

Woyimbira ankayenera kuchokera ku Shimabala. Anaimba foni kuti minibasi yafera panjira. Tinadikira, dzuwa likupendeka, alendo akudandaula za ulendo wa fumbi umene unkawadikira. Kenako wina wa komiti anandiloza n'kufunsa kuti nanga uyu wa buku ntchito yake n'chiyani. Kaputeni wa asodziwo, munthu wamtali wa manja ngati nkhafi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata, n'kufunsa ngati ndine mdala uja amakuwa malamulo pansi pa mango. Atamuuza kuti ndine, anavomera, ati munthu wodzudzula chonchija ayenera kuti amadziwa.

Ndikanayenera kukana. Koma munthu amene wakhala zaka akulalikira panja pa tchalitchi, tsiku limene amutsegulira guwa sanena kuti mmero ukuwawa. Ndinavala malayawo. Aneba anangondiyang'ana n'kunena kuti thabwa lipendekeka. Ndipo popeza sankafuna kukhalapo okha, ananyamuka n'kukaima kuseri kwa golo la ku njanji, pafupi ndi ukonde wawo.

Ndinaphunzira msanga kuti kabuku kaja sikanena chilichonse za mpweya wa munthu. Mphindi khumi zoyamba ndinathamanga. Zotsalazo ndinayimbira ndili pakati pa bwalo, kumangotembenuka ngati mpendadzuwa. Ondithandiza a m'mbali anali awiri, wina wathu wina wawo, aliyense ndi nthambi ya mango m'malo mwa mbendera, ndipo aliyense ankaikweza mokomera kwawo. Choipa kwambiri chinali chakuti anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kutukwana mwa malamulo ankandibwezera mawu anga omwe. Ndinkamva akutchula manambala a malamulo, ena oti kulibe n'komwe, ndipo ndinayamba kuwamvera chisoni oyimbira onse amene ndinawalalatirapo, mmodzimmodzi, mpaka uja wa dazi amene analumbira kuti sadzabweranso.

Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. Chachiwiri chinali kutha chimodzimodzi. Kutatsala mphindi zochepa, mnyamata wathu wosewera kumanzere anadutsa anthu awiri, anafika pafupi ndi mzere wa kumapeto, pamalo popapatiza pamene munthu wanzeru amapatsira mnzake, koma iye anaumenya yekha mwamphamvu chapansi. Fumbi linakwera. Ukonde unafufuma. Fumbi litatsika, mpira unali phee m'kati mwa golo.

Ndi pamene ndinalumpha.

Nditakumbukira udindo wanga, ndinabweza wezulo pakamwa, ndinaimba, n'kuloza pakati pa bwalo mwaulemu wonse umene unanditsalira. Goloboyi wa asodzi ankathamangira kwa ine akulumbira kuti mpira wadutsa kunja kwa mzati, koma ndi goloboyi uti amene salumbira choncho? Bwalo lonse linali likuvina. Ndipo maso anga, mwa chizolowezi chabe, anakwera kumwamba. Kwa ine chigoli chimakhala ndi mbali ziwiri: ukonde kufufuma, ndi chisote kuuluka. Ndinafunafuna pamwamba pa golo, pamwamba pa mawaya a njanji. Kumwamba kunalibe kanthu.

Aneba anali chiimire pomwe paja. Dzanja lawo linali pa mlomo wa chisote, koma chisotecho chinali pamutu. Sankayang'ana mpira, sankayang'ana anyamata. Ankayang'ana kabowo kaja, ndipo tizingwe ta m'mphepete mwake tinali tikugwedezekabe.

Pa tsamba lina la kabuku kaja pali mawu amene ndinawadula mzere kunsi ndi pensulo kalekale, osadziwa kuti adzandifuna. Amanena kuti woyimbira akhoza kusintha chigamulo chake akazindikira kuti walakwitsa, malinga ngati masewero sanayambirenso. Pa bwalo lonse lija, amene ankadziwa zimenezi ndinali ine ndekha. Mpira unali kale m'manja mwa mnyamata wathu, akuubweretsa pakati. Ndikanangoimba wezulo kamodzi, nkhani ikanatha, mbuzi ikanagona mu Nangongwe, ndipo Lolemba ku chigayo akanandilandira ngati mfumu.

Ndinauza mnyamatayo kuti adikire, n'kuyamba kuyenda kupita ku golo. Ulendo umenewo unali wautali kuposa wa ku Chanyanya. Phokoso linkachepa ndikamayandikira. Nditafika, ndinazungulira kuseri kwa ukonde n'kuima pafupi ndi mnzanga.

"Ba neba," ndinafunsa chapansipansi, "yangenera pati?"

Sananditembenukire. "Wezulo ili na imwe, ba refu."

Pa zaka zonse zimene takhala, anali asananditchulepo dzina lina koma aneba. Ndipo munthu amene lamulo lake ndi lakuti timu yathu silakwa, akanakhala kuti anaona mpira ukulowa pakhomo pa golo, akanandiuza bwalo lonse likumva. Ndinapisa mkono m'kabowo kaja, unalowa mpaka paphewa. Ndinaimba wezulo n'kuloza kuti goloboyi aumenye kuchokera pa golo lake. Chigoli palibe.

Zimene zinanenedwa pamenepo sindingazilembe zonse, poti ena mwa ozinena ndimapemphera nawo. Wina anafunsa kuti asodzi andilonjeza milamba ingati. Wina anati buku langa aliponye m'chigayo. Koma amene anandilasa anali mayi wina wogulitsa mtedza, amene anadikira kuti phokoso litsike pang'ono kenako n'kufunsa momveka bwino:

"Ba refu, miyendo yanu yavomera kale. Manje wezulo ikana bwanji?"

Ngakhale asodzi anaseka. Mphindi zotsalazo ndinaziyimbira ngati munthu woyenda m'madzi. Masewero anatha opanda chigoli. Mbuzi anaimangirira pa kaliyala ya njinga ya kaputeni uja, ndipo inalira msewu wonse wa Nangongwe ngati ikudziwa kuti ikupita kolakwika. Asodzi anayi anandiperekeza mpaka nditavula malaya akuda, atandizungulira ngati mpanda, ine amene ndinawalalatira zaka zonse. Nditabwerera pansi pa mango ndinapeza aneba atamasula kale maukonde n'kupita. Thabwa linali pa mabuloko ake. Ndinalikoka ndekha, mbali imodzi ikulima mzere m'fumbi kuyambira ku bwalo mpaka pa mpanda wathu.

Manyazi anga sanachedwe kufalikira. Pa masewero aakulu a pa kanema, chigoli chikakayikitsa amabwezeretsa zithunzi kuti aone bwino. Ifenso tinali ndi mafoni ambiri pa bwalo, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inajambula njira ya mpira. Onse anajambula ine. Pofika Lachiwiri mwana wanga wamkazi wa ku Lusaka anali atatumizira mayi ake kakanemako: bambo ake ali m'malere, mimba panja, wezulo ikuuluka. Ku chigayo amayi ankati ndikawapatsa moni amayankha pokweza manja onse awiri. Zimenezi ndinazilandira. Munthu ukalumpha pagulu, umatera pagulu.

Chimene sindinachiganizire chinali chakuti bwalo lonse linandiona ndikunong'onezana ndi aneba ndisanakane chigoli. Nkhani inakula yokha. Anthu anakumbukira kumene malemu akazi awo ankachokera, ndipo pofika pakati pa sabata zinali zodziwika kwa aliyense kuti mdala wa chisote anagulitsa chigoli kwa azilamu ake a ku Chanyanya. Munthu amene sanavomerepo kuti mnyamata wathu walakwa ndi kamodzi komwe. Ku msika ankamufunsa mtengo wa nsomba. A komiti anakhala pansi n'kugamula kuti maukonde a asodzi akwana, adzagula a kusitolo.

Khomo la aneba linatsekedwa. Makatani anatsekedwa. M'mawa ndikamatuluka ndinkapereka moni pa mpanda, ndipo ankayankha ndi nkhuku zawo zokha. Mbale imene amake ana anawapatsira inabwerera itangolawidwa, ndipo nditaiona mbale imeneyo mantha anandigwira kuposa a pa bwalo paja. Ndinali nditaliona kale khomo limenelo litatsekedwa choncho, ndipo ndinkadziwa kuti ulendo woyamba linatenga nyengo yathunthu kuti litseguke. Ulendo uno wolitseka ndinali ine, ndipo thabwa limene ndinatsegulira poyamba paja linali m'gulu la zinthu zimene sankafuna kuziona.

Ndinayesa kudziteteza kwa amake ana. Ndinawaonetsa tsamba lija, mzere wa pensulo uli pomwepo. Anapukuta manja, anawerenga pang'onopang'ono, n'kundibwezera kabukuko.

"Apa akuti woyimbira akhoza kusintha," anatero. "Nanga pamene akuti apite kukafunsa mnzake wa pa mpanda anthu onse akuona, ndi pati?"

Panalibe. Ndinafufuza ngakhale ndinkadziwa kuti palibe. Choonadi n'chakuti ndisanafike n'komwe ku golo kuja ndinali nditadziwa kale kumene mpira unadutsa. Chisote chinali chitandiuza. Ndinapita kwa aneba chifukwa chigamulocho chinkandilemera, ndipo ndinazolowera kuti chinthu chikalemera iwo amanyamula mbali ina. Kukana chigoli sikunali kulakwa. Kulakwa kunali kuwasenzetsa.

Ndinapita kwa a komiti n'kuwauza kuti mdalayo sanandiuze kanthu, kuti ndinamufunsa ndipo anakana kuyankha. Anandifunsa kuti nanga ndinaona bwanji, poti ndinali pakati pa bwalo komanso m'malere. Ndikanati nditchule chisote, ndikanakhala ndawaperekanso kachiwiri. Ndinangoti ndinaona bowo. Anaseka, ndipo sindikudziwa ngati anandikhulupirira.

Kenako ndinachita zimene munthu wa mabuku amachita: ndinalemba kalata. Masamba atatu, ndi vesi la m'Miyambo kumapeto. Amake ana anaipeza pa tebulo, anafunsa kuti ikupita ku positi ofesi iti poti mwini wake amamva ndikatsokomola. Anati munthu wa pa mpanda salemberedwa kalata. Madzulo ake inayatsa mbaula, ndipo kunena zoona inayaka bwino kuposa mmene inkawerengekera.

Choncho ndinangochita zimene ndikanatha. M'mawa uliwonse ndinkapereka moni pa mpanda, kuyankhidwa kapena ayi. Nditadula nkhadze za mbali yanga ndinadulanso za mbali yawo. Thabwa ndinalisiya pa mpata paja, nditalitsamiritsa poti akatsegula katani alione. Anadutsa Malamlungu atatu opanda mpira, poti ligi inali itatha. Maukonde a kusitolo sanabwere, monga zimakhalira ndi zinthu za makomiti. Ndipo kunamveka kuti Lamlungu lachinayi kudzakhala masewero ongocheza ndi timu ya ku Shimabala.

Loweruka lake masana ndinali pakhonde ndi buku lina la mbiri ya njanji, ndikuwerenga mzere umodzi kachisanu. Ndinamva chingwe choyanikira zovala chikulira kuseri kwa mpanda, kulira kumene ndinali nditakuiwala. Ndinaimirira. Ukonde wa golo la ku njanji unali utayalidwa pa chingwe, ndipo aneba anali pa kampando patsogolo pake, magalasi ali pamphuno, kasingano ka nsungwi kaja kali m'manja. Ankakagwira ngati munthu wogwira dzira. Ankapisa, kukoka, mfundo n'kumasuka. Ankayambanso. Ukonde unkathawa m'manja mwawo nthawi iliyonse akamakoka, poti panalibe wougwira mbali ina.

Ndinaima pa mpata nthawi yaitali, buku lili kukhwapa. Mawu onse a masamba atatu aja anali atapsa pamodzi ndi kalatayo. Iwo sanadzutse mutu. Kenako anatambasula kona ya ukonde kuloza kumene ndinaima, ngati munthu wopatsira mnzake mchere, n'kunena kuti ndigwire ndikoke, koma osati kwambiri.

Ndinaika buku pansi n'kugwira. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa mapazi athu. Mfundo zawo zinali zikuluzikulu, zokhota, zina ngati nthudza, zina ngati mbatata, ndipo pakati pa timfundo tating'ono ta mayi aja chigambacho chinkaoneka ngati mlendo wovala nsapato za m'munda pa ukwati. Kamodzi ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene ndinawerengapo za kamangidwe ka mfundo, koma ndinatsekanso, ndipo ndimaiwerengera mphindi imeneyo m'gulu la nzeru zochepa zimene ndachitapo. Atamaliza anadula ulusi ndi mano, anapisa nkhonya pamene panali bowo, nkhonyayo n'kubwerera. Anasisita mfundo zakale zija ndi chala chachikulu, imodziimodzi, mpaka pamene zinakumana ndi zawo.

Ndinayamba kunena kuti sindikanayenera kubwera kwa iwo tsiku lija. Anakweza kasingano kundiletsa.

"Ninayesa, ba neba," anatero. "Dzanja linafika pa chisote, koma linakana. Ninaona bola yapita pamene mayi aja akanasoka."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kenako anandiyang'ana koyamba chichokereni pa bwalo paja.

"Muganiza sininakuoneni mukusakasaka kumwamba? Mabuku yonse aya simunakhute, mpaka muyambe kuwerenga na chisote changa? Mailo ni Sande. Mubwere na msana wanu uja wodwala, thabwa silinyamulika na munthu mmodzi. Koma tikafika kuja muziyang'ana bola, osati mutu wanga. Ndipo mukaona munthu abwera na wezulo m'manja, ba neba, muthawe. Kulumpha muzilumphira pafupi na ine."